Masiku Amene Sindinkathira Mchere

Ntchito yanga yoyamba yosamalira okalamba ndinaipeza mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Tinkakhala ku Mississauga, ku Canada, m'chipinda cha pansi pa nyumba ya eni ake, ndipo bambo a mwana ankanyamula katundu ku eyapoti. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7. Chizungu ndinkamva ndithu, koma chikafika pakamwa chinkabwerera. Ngakhale m'Chichewa momwemo sindine wolankhula. Kwathu ku Dedza ankati ndinatenga manyazi a anthu atatu.

Amene anandilowetsa ku ajensi yotumiza antchito m'makomo anali mayi wina wa ku Chipata, nesi, yemwe tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Iyeyo ndiye ankayang'anira ife ogwira ntchito m'makomo, ndipo tonse tinkamuitana kuti anti. Tsiku londipatsa adiresi anandiuza mosapsatira.

"Mwana wanga, iyi nyumba ya ku Oakville anthu amailimbirana. Nkhalamba imodzi chabe, shifiti ya masana, folo koloko wachoka ukatenge mwana wako. Koma mwana wawo mkazi ni loya. Akakomplena kamodzi, ine nilibe mphamvu. Wamvela?"

Ndinati ndamva. Ntchito ina imene inalipo inali ya ku weyahausi, kosungira katundu, yolowa madzulo, ndipo mwana anali akuyamwabe. Choncho nyumba ya ku Oakville ndinaigwira ndi manja awiri.

Nkhalambayo inali ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, yaitali, yowonda ngati nsungwi, ya manja onjenjemera. Kale ankaphunzitsa ku yunivesite, ndiye ndinkawatchula kuti a Pulofesa. Akazi awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. M'nyumba yonseyo munali iwo, mphaka ndi mabuku.

Tsiku lachiwiri, ndikupukuta fumbi m'chipinda chawo chowerengera, ndinapeza buku lalikulu lili chitsegulire patebulo. Panali chithunzi cha mkango wobiriwira ukudya dzuwa, magazi ali chuchuchu. Ndinatembenuza tsamba ndi nsonga ya chala. Mfumu ndi mkazi wake ali m'bafa limodzi, alibe kanthu m'thupi koma zisoti zachifumu kumutu. Tsamba lina, njoka ikumeza mchira wake. Lina, kamunthu kakang'ono katakhala m'botolo, kakundiyang'ana. Nditakweza maso ndinaona mabotolo enieni pa shelefu, a makosi aatali opindika.

Ndinayang'ana kukula kwa nyumbayo, makapeti ake, magalasi ake, ndipo ndinati basi, ndadziwa kumene chuma chinachokera. Kamunthu ka m'botoloko sindinachite kufunsa munthu, inali ndondocha. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti wokhwima wa kwathu amabisa zinthu zake kunsi kwa bedi, pamene uyu zake anaziyala pa shelefu n'kuzimata manambala.

Sabata yonseyo ndinkalowa m'chipindamo chammbali ngati nkhanu, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. A Pulofesa anaona.

"Ukuwaopa mabukuwa?" anandifunsa tsiku lina.

"Ayi, bambo."

"Nanga bwanji ukupukuta tebulo uli pakhomo?"

Anandikhazika pampando n'kundifotokozera. Anati mabukuwo analembedwa ndi anthu a ku Ulaya zaka mazana asanu zapitazo, anthu ophunzira kwambiri, odziwa Chilatini ndi Chigiriki, amene ankakhulupirira kuti zitsulo zimakula m'nthaka ngati chinangwa. Mtovu, amati, ndi golide wosakhwima. Ukauphika bwino, moleza mtima, ndi kamwala kena kamene onse ankakafunafuna, umapsa n'kukhala golide. Zithunzizo zinali njira yolembera maphikidwe mobisa kuti anzawo asawabere. Mkango wobiriwira unali mankhwala ena owawa osungunula zitsulo. Mfumu ndi mkazi wake m'bafa zinali zinthu ziwiri zikusakanizidwa m'botolo.

Ndinalimba mtima n'kufunsa funso langa loyamba m'nyumba imeneyo.

"Ndiye golideyo anamupeza?"

"Ayi. Ambiri anafa ali amphawi, akutsokomola utsi."

"Nanga inu?"

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ine ndinapeza ntchito yophunzitsa za kulephera kwawo kwa zaka makumi anayi. Ngati ukunena nyumbayi, inali ya apongozi anga. Ankagulitsa mapaipi a zimbudzi."

Mtima unakhala pansi. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi choyendera chawo cha mawilo kudzakhala m'khitchini ndikamaphika, ndipo ankandiphunzitsa ngati ndine kalasi yodzaza. Ine ndinkangoti "inde, bambo" ndikudula anyezi. Anandiuza za wina amene ankakwirira botolo lake m'ndowe za akavalo masiku makumi anayi, poti kutentha kwa ndowe n'kofatsa ngati kwa nkhuku yofungatira mazira. Anandiuza za winanso amene anasonkhanitsa zidebe za mkodzo n'kuziwiritsa mpaka kuuma, poganiza kuti chikasu cha mkodzo ndi golide. Ine ndinangomvera chisoni mkazi wake ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Anandiuza za sing'anga wina wamwano wa nthawi imeneyo, amene ankati zinthu zonse padziko zinapangidwa ndi zitatu: sulufule, chitsulo chamadzimadzi chija cha m'choyezera kutentha kwa thupi, ndi mchere. Mchere, anati, ndiye thupi la chinthu, chimene chimatsala moto ukadya zonse.

Koma chimene chinandiimitsa mpeni ndi pamene anayamba za kutentha ndi kuzizira. Anati madokotala akalewo ankati munthu aliyense, chakudya chilichonse, ngakhale nyenyezi, china n'chotentha china n'chozizira, ndipo matenda amabwera zikakumana molakwika. Si kutentha kwa malungo ayi, anatero, ndi kutentha kwina kosagwirika ndi dzanja. Mnyamata ndi wotentha. Nkhalamba ngati iwo ndi yozizira ndi youma, yolamulidwa ndi nyenyezi ina yaulesi yoyenda pang'onopang'ono. Ndinatsala pang'ono kunena kuti bambo, zimenezo ndi za kwathu, anamkungwi anatiuza kutsimba popanda Chilatini. Koma ndinameza mawu n'kupitiriza anyezi.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi amakhala wotentha, ndipo sathira mchere m'ndiwo. Amaphika zonse, koma pofika pa mchere amaitana wina wozizira kuti athire. Akathira yekha, amene adye chakudyacho amadwala tsempho: miyendo imatupa, chifuwa chimayamba, munthu n'kumafota. Ine ndine Mkhristu ndipo sindikunena kuti ndimakhulupirira zonsezo. Kungoti kunyumba kwanga masiku amenewo bambo a mwana ndiwo ankathira, ndipo sitinakambiranepo. Ndinkangowasiyira kabotolo pafupi ndi poto.

Mwezi woyamba ku Oakville masiku anga atafika, ndinaima ndi supuni ya mchere pamwamba pa supu kwa nthawi ndithu. Kenako ndinadziuza kuti kuno ndi ku Canada, ndipo uyu ndi mzungu, n'kuthira. Patapita masiku ochepa ndikuwaveka masokosi, ndinaona akakolo atatupa. Ndinadina ndi chala, podinapo panatsala dzenje. Madzulo ake anatsokomola kawiri.

Ndili pa basi ndinaimbira foni amayi kumudzi.

"Iwe, ukufuna kupha mzungu wa eni ake?"

"Amayi, kunotu ndi ku Canada."

"Ndiye mchere wa ku Canada si mchere? Itana kamtsikana ka pafupi kazikuthirira."

"Kulibe. M'nyumbamo muli iwo okha ndi mphaka."

"Mphaka ayi," anatero amayi, atayamba aganizapo. "Nanga mwini wakeyo ali ndi zaka zingati?"

Ndinawauza.

"Aaa, ameneyo ndi wozizira kuposa khanda. Azidzithirira yekha."

Ndiye mwezi wachiwiri, supu atapsa, ndinatenga mtsuko wa mchere ndi supuni n'kuwaikira kutsogolo.

"Thirani, bambo."

"Ine?"

"Inde, bambo."

"Chifukwa?"

"Basi."

Sindinaonepo munthu akusangalala ndi ntchito yaing'ono chotero. Chimwalirire akazi awo palibe amene anawalolapo kugwira kanthu m'khitchini. Anaimirira, anakonza kolala, anatapa mchere supuni yodzaza mpaka phiri. Dzanja lija likunjenjemera, theka linagwera pasitovu, ndiye anati wachepa n'kutapanso. Supu wa tsiku limenelo ankaluma lilime, koma anamumaliza yense, n'kunena kuti sanadyepo supu wokoma chotero. Ine ndinaima patali manja kumbuyo, mtima uli mbee kuti ndapulumutsa munthu.

Masiku asanu atatha ndinayambanso kuthira ndekha osanena kanthu. Anandiyang'ana, anayang'ana mtsuko, kenako anatulutsa kabuku m'thumba la juzi n'kulembamo.

Ndinaiwala kuti munthuyu moyo wake wonse anali wofufuza zobisika. Mwezi wachitatu utatha, ndinalowa m'chipinda chowerengera n'kupeza pepala lalikulu litamatidwa pakhoma. Linali ndi mabokosi a masiku, pamwamba pake tizithunzi ta mwezi, wina wathunthu, wina theka, wina ngati chikhadabo, ndi tizizindikiro tina ta nyenyezi. Mabokosi ena anali opakidwa inki yofiira.

"Bwera uone," anatero a Pulofesa, maso akuwala. "Ofiirawa ndi masiku amene umandipatsa mchere. Poyamba ndinaganiza kuti ukutsata masiku a sabata, poti akale ankati tsiku lililonse lili ndi nyenyezi yake ndi chitsulo chake. Sizinagwirizane. Ndinayesa nyengo, ndinayesa mtundu wa supu. Ayi. Koma taona apa. Ukutsata mwezi!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Amayi."

"Iwo anawaphunzitsa ndani?"

"Amayi awo."

Anamenya tebulo. Anati anthu a m'mabuku awo ankakhulupirira kuti nzeru zonsezi zinayambira ku Iguputo, kwa wanzeru wina wakalekale, ndipo mawu ake aakulu anali akuti za pansi zimatsata za kumwamba. Iwo zaka zonse ankauza ophunzira kuti imeneyo ndi nthano chabe. Koma bwanji ngati nzeruyo inatsikadi ndi mtsinje kulowera kumwera, n'kusungidwa ndi amayi m'makhitchini? Anandipempha kuti ndiwauze chimene mwezi umachita ku mchere. Ndinati sindikudziwa, bambo. Anagwedeza mutu mokhutira, n'kunena kuti odziwa zenizeni onse amayankha choncho.

Munthu wa madigiri onse aja anayang'ana pepala lake milungu ingapo osaona chimene mtsikana aliyense wotha msinkhu akanaona atangolowa pakhomo. Ine kuti ndiwauze, mwamuna, wamkulu kuposa agogo anga, kunali bwino ndife. Ndinkangodutsa pakhomalo nditayang'ana kumbali. Choipa kwambiri, pepalalo linali ndi mabokosi a mwezi wotsatira atapakidwa kale ndi pensulo, ndipo sanaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Miyendo nayo sinaphwe. Inapitiriza kutupa mpaka masilipasi anakana kulowa. Ndinaganiza kuti mwina ndikumayandikira poto kwambiri pothira iwo, ndiye ndinayamba kuima pakhomo la khitchini.

Mmenemo ndi mmene mwana wawo anatipezera. Anabwera Lachinayi masana osaimba foni, suti yake yakuda ili m'thupi, makiyi a galimoto ali m'manja. Anapeza bambo ake ataima okha pa sitovu yoyaka, choyendera chili uko, akunena mawu a Chilatini pamwamba pa poto, mchere uli mbwee pansi. Wantchito wolipidwa ndili pakhomo, manja kumbuyo, ndikuonerera. Sanakalipe. Anazimitsa sitovu, anawakhazika pampando, anayang'ana miyendo ija, analawa supu n'kulavulira m'sinki. Kenako anatuluka panja ndi foni.

M'mawa mwake tinakhala anayi patebulo lodyera: mwana wawoyo, anti a ku Chipata ndi fayilo yawo, a Pulofesa ndi pepala lawo lokulungidwa, ndi ine.

"Funso langa ndi limodzi," anatero loya uja, akuyang'ana ine. "Bipi ya bambo anga yakwera, miyendo ndi imeneyo. Chifukwa chiyani amaima pamoto kuthira mchere inu muli pomwepo?"

Ndinayang'ana mphaka pansi pa tebulo.

"Ndiyankhe ine," anatero a Pulofesa, n'kutambasula pepala lija patebulo ponse, makona ake n'kupsinja ndi makapu. Anayamba ndi Iguputo. Atafika pa sing'anga wamwano uja ndi zinthu zake zitatu, mwana wawo anali atatseka maso. Koma anti anali atawerama pa pepalalo, chala chikuyenda pa mabokosi ofiira. Anawerenga, anabwerera, anawerenganso. Kenako anakweza mutu n'kundiyang'ana.

"Iwe," anatero m'chinenero chathu, motsitsa mawu. "Aya ni masiku yako?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mayo ine! Nkhalamba yakupangila kalenda! Na mwezi wa mawa ulipo!" Anagwira pakamwa ndi fayilo, mapewa akugwedezeka.

"Anti, chonde, auzeni ndinu."

"Awe. Nikakamba ine azati niteteza chabe munthu wanga. Afuna kumvela kwa iwe. Kamba, mwana wanga, apo ayi Mande uli ku weyahausi."

Mwana wa a Pulofesa anafunsa chimene chinali choseketsa. Anti anati palibe, mtsikanayu ali ndi mawu.

Ndinaganiza za mwana wanga, mmene amakwawira kudzandigwira mwendo ndikafika ndikaweruka folo koloko. Kenako ndinayamba, m'Chizungu changa chothyokathyoka, maso ali pa mphaka. Ndinati kwathu mkazi ali ndi masiku ena pamwezi. Ndinati masiku amenewo timati ndi wotentha, ndipo akathira mchere, wodyayo amatupa miyendo ndi kutsokomola. Ndinati mwezi woyamba ndinathira ndekha ndipo bambo anatupadi, ndiye ndinachita mantha. Ndinati amayi anga anati bambowa ndi ozizira, akhoza kuthira okha. Mawu akuti "ozizira" ndinawanena motsitsa kwambiri, kuopa kuti amveka ngati chipongwe.

Nditaba kuyang'ana, a Pulofesa anali atafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Anayang'ana mabokosi awo ofiira ngati akuwaona koyamba. Pang'onopang'ono anachotsa makapu aja n'kutembenuza pepalalo chafufumimba.

"Mwana wanga, undikhululukire," anatero. "Ndinakhala m'banja zaka makumi asanu."

Koma manyazi a munthu wophunzira sakhalitsa. Mwadzidzidzi anadzuka, n'kutuma mwana wawo kuti akatenge buku lina la chikopa pa shelefu yachitatu. Anati munthu wina wa ku Roma wakale, amene analemba za chilichonse cha pansi pa thambo, ananena zomwezo: mkazi wa masiku amenewo akayandikira vinyo watsopano amasasa, galasi loyang'anira limachita chifunga, mpeni umabuntha, njuchi zimafa. Madokotala a m'mabuku awo aja ankakopera tsamba limenelo kwa zaka mazanamazana.

"Ndaliphunzitsa tsamba limeneli kambirimbiri," anatero, "ndipo litalowa m'khitchini mwanga n'kundipatsa supuni, sindinalizindikire."

"Za njuchi kwathu kulibe, bambo," ndinatero. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa.

"Adadi, khalani pansi, buku silibwera," anatero mwana wawo. Kenako anatembenukira kwa ine, akulankhula pang'onopang'ono ngati ali m'khoti. "Ndimvetse bwino. Munkawateteza."

"Inde."

"Kuti asatupe miyendo."

"Inde."

"Ndiye munawapatsa mtsuko wonse wa mchere ndi supuni yaikulu."

"Inde, mayi."

Anandiyang'ana, anayang'ana miyendo ya bambo ake, kenako anaika nkhope m'manja. Ndinaganiza kuti akulira ndipo ndinayamba kuganiza za basi yopita ku weyahausi. Koma anali akuseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anti ataona kuti loya waseka, nawonso anamasula zimene ankasunga.

Atapukuta maso anati dokotala anawauza bambo ake chaka chatha kuti mchere ausiye, ndipo anawapatsa pepala loti aliike pa firiji kuti wophika aliyense aziliona. Anti anatsegula fayilo yawo, anati m'menemo mulibe. Tonse tinayang'ana a Pulofesa.

"Lili bwinobwino," anatero iwo. "Ndinaliika m'buku kuti lisapindike."

"Buku liti?"

"Limenelo ndiye funso lovuta."

Mwana wawoyo anapita kukhitchini, anatenga mtsuko uja, anatsegula makabati onse n'kupeza paketi ina yosatsegula, zonse n'kuponya m'chikwama chake chamtengo wapatali. Anati kuyambira lero m'nyumba muno palibe wothira mchere, wotentha kapena wozizira. Anati ine ndipitirize ntchito, koma chinthu chikandivuta ndiziyankhula, ngakhale kumulembera pa foni ngati pakamwa pakukana. Anafunsa ngati ndili ndi chonena.

Ndinati ndikupempha pepala la mabokosi ofiira lija.

A Pulofesa analikulunga okha n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinalipinda kanayi, ndipo anti anandiperekeza pa galimoto yawo mpaka ku Mississauga, akuseka pa loboti iliyonse. Ndinawapempha kuti za kalendayo zisafike ku tchalitchi. Analonjeza, ndipo zinatenga milungu iwiri yathunthu kuti amayi a kwaya ayambe kundifunsa ngati mwezi uli bwino.

Lolemba lake ndinaphika supu wa nkhuku ndi karoti, ndinafinyiramo ndimu monga anti anandilangizira. A Pulofesa analawa supuni imodzi n'kuiika pansi. Anayang'ana m'mbale ngati munthu wa pamaliro.

"Sing'anga uja ankanena zoona," anatero. "Supuyu ali ndi mzimu, koma alibe thupi."

"Inde, bambo."

Anayang'ana kukhomo, kenako anawerama n'kunong'ona. "Tandiuza, mwana wanga. Kwanuko kulibe masiku ena, mwina mwezi ukakhala wathunthu, amene mkazi amayenera kuthira kawiri?"

"Kulibe, bambo," ndinatero. "Idyani usanazizire."